Lipoti la Ntchito: Pulogalamu Yoonetsera Nyimbo Kutchalitchi Imene Inakana Kutseguka ndi Kuonetsa Vidiyo

Ndimagwira ntchito yoika ndi kukonza makompyuta ndi zokuzira mawu, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi ndimaigwira m'matchalitchi. Lipoti lino ndi la mpingo wina umene unandiitana Lolemba, zinthu zitasokonekera pakati pa mapemphero dzulo lake. Abusa anandiuza pafoni kuti anali atalengeza kuti mpingo uonere vidiyo ya mphindi zinayi ya ntchito za achinyamata, anthu anakhala chete maso ali pakhoma, koma pakhomapo panangoti bii, mpaka wotsogolera nyimbo anayambitsa korasi kuti anthu asangokhala duu. Pomaliza anati: "Bambo, pulogalamu ija yafa. Mwina tingogula kompyuta ina." Ndalemba lipotili chifukwa chimene iwo ankachiona ngati vuto limodzi chinali mavuto angapo osiyana ounjikana, ndipo panalibe ngakhale limodzi limene linali mkati mwa pulogalamu yoonetsera nyimboyo.

Zipangizo zawo zinali izi. Laputopu inali ya purosesa ya Intel Core i5 ya m'badwo wachinayi, RAM ya 8 GB, Windows 10 ya 64-bit, ndi sikirini ya 1366 × 768. Pulojekita inali yopachikidwa kudenga, ya 1280 × 800, yolumikizidwa ndi chingwe wamba cha HDMI cha mamita 20. Mawu ankachokera pabowo la mahedifoni kupita ku mikisa. Pulogalamu yawo yoonetsera nyimbo, mavesi ndi zilengezo ndi ya gulu lija limene silitha kuyendetsa vidiyo palokha koma limabwereka mphamvu za VLC, pulogalamu ina yoonerera mavidiyo, imene yaikidwa m'kompyuta yomweyo. Mfundo imeneyi ndiyo inali phata la nkhani yonse, ngakhale panalibe amene ankaidziwa pampingopo.

Kufunsa ndisanakhudze kanthu

Amene amayendetsa kompyutayo ndi mnyamata wodzipereka, wosalipidwa, amene analemba yekha nyimbo zoposa mazana asanu m'pulogalamuyo. Ndinamupeza ali ndi nkhawa, ndipo ndinamuuza msanga kuti sindinabwere kudzazenga mlandu koma ndikufuna andiuze zonse zimene anachita, motsatana, ngakhale zimene akuziona ngati zopanda pake. Anati Loweruka madzulo anachotsa pulogalamu yakale n'kuika yatsopano, anayesa nyimbo ndi mavesi zonse zinatuluka bwino, koma vidiyo sanayese chifukwa inafika Lamulungu m'mawa pa fulashi. Mapemphero atatha anachotsa ndi kuikanso pulogalamuyo katatu. Ataona kuti palibe chikusintha, anatsegula mndandanda wa mapulogalamu n'kupezamo mizere yambiri yolembedwa Microsoft Visual C++ Redistributable, ya zaka zosiyanasiyana. "Achimwene, ndinaganiza kuti ndi chinthu chimodzi chobwerezedwa ndiye chikulemetsa kompyuta," anatero, "ndinachotsa zonse." Kuyambira pamenepo pulogalamu inasiyiratu kutseguka.

Ndisanachite china chilichonse ndinakopera nyimbo zonse pa fulashi yanga ndi pa fulashi ya mpingo. Mapulogalamu ambiri a mtunduwu sasunga nyimbo m'foda imene pulogalamu yaikidwa, koma m'foda yobisika ya AppData ya munthu wogwiritsa ntchito kompyutayo, ndipo munthu amafikako polemba %APPDATA% pamwamba pa File Explorer. N'chifukwa chake nyimbo zinali zikadalipo ngakhale pulogalamu inachotsedwa katatu. Pulogalamu imaikidwanso m'mphindi zochepa, koma nyimbo mazana asanu zolembedwa pamanja ndi ntchito ya zaka, choncho ine sindiyamba kukonza ndisanazione zili pamalo awiri.

Kuika pulogalamu

Nditadina chizindikiro cha pulogalamu, Windows inatulutsa uthenga wakuti pulogalamuyo yalephera kuyamba, ndi nambala yakuti 0xc000007b. Ndinafunsa mnyamata uja ngati uthengawu ndi umene unayamba kubwera, iye anati ayi, woyamba unkati fayilo ya VCRUNTIME140.dll ikusowa, ndiye anaisaka pa intaneti, anaipeza pa tsamba lina logawa mafayilo oterowo, n'kuiponya m'foda ya pulogalamu. Apa zonse zinamveka. Fayiloyo ndi mbali ya Visual C++ Redistributable imene iye anachotsa, ndipo mizere yambiri ija sinali kubwerezabwereza: pulogalamu iliyonse imafuna mtundu umene inamangidwa nawo, ndipo mtundu uliwonse uli pawiri, wa 32-bit ndi wa 64-bit. Fayilo imene anaitenga pa intaneti inali ya 32-bit, pamene pulogalamu yatsopano inali ya 64-bit, ndipo nambala ya 0xc000007b kawirikawiri imatanthauza kusagwirizana kotereku. Anathetsa uthenga woyamba koma anabala wachiwiri.

Ndinafufuta fayilo yotoledwayo, ndinayendetsa Windows Security kuti ifufuze kompyuta yonse popeza sitinkadziwa chimene chinabwera nayo, kenako ndinatenga Visual C++ Redistributable ya 2015 mpaka 2022 kuchokera ku Microsoft kwenikweniko, ya x64 (64-bit) ndi ya x86 (32-bit) yomwe, chifukwa mapulogalamu ena m'laputopumo ankadalira ya 32-bit. Nditazimitsa ndi kuyatsanso kompyuta, pulogalamu inatseguka, nyimbo zonse zili m'malo mwake. Ndionjezepo chenjezo kwa anzanga amene amakonda kuponya mafayilo a DLL m'mafoda a Windows pamanja: mayina a mafodawo amasocheretsa. Pa Windows ya 64-bit, foda ya System32 ndiyo imasunga mafayilo a 64-bit, ndipo ya SysWOW64 imasunga a 32-bit. Amene angatsate dzina lokha adzaika fayilo pamalo olakwika.

Chifukwa chimene khoma linadera

Tsopano tinali titabwerera pamene zinthu zinali Lamulungu m'mawa: nyimbo zikutuluka, vidiyo ayi. Sindinayambe ndi vidiyo ya achinyamata ija. Ndimayenda ndi kavidiyo kanga koyesera, ka masekondi 30, ka H.264 pa 720p, kamene ndikudziwa kuti kamayenda pa kompyuta iliyonse yabwinobwino. Nako sikanatuluke m'pulogalamu, koma nditakatsegula mu VLC payokha kanayenda bwinobwino, chithunzi ndi mawu omwe. Zimenezi zinandiuza kuti fayilo ili bwino, VLC ili bwino, pulogalamu ikutseguka, koma ziwirizi sizikulankhulana.

Ndinatsegula fayilo ya log imene pulogalamu imalembamo zimene zikuichitikira. Anthu ambiri amaiopa fayiloyi chifukwa cha kuchuluka kwa mizere, koma chofunika ndi kupita kumapeto n'kuyang'ana mizere ya mphindi imene vuto lachitikira. Panali mzere wonena kuti pulogalamu yalephera kutsegula libvlc.dll, ndi nambala 193, imene Windows imapereka fayilo ikakhala ya mtundu wosayenera pulogalamu imene ikuiitana. Nditayang'ana pa C, VLC inali m'foda ya Program Files yokhala ndi x86 kumapeto, kutanthauza kuti inali ya 32-bit. Kwa zaka zonsezi zinkayenda chifukwa pulogalamu yakale nayo inali ya 32-bit. Yatsopano, ya 64-bit, sikanatha kuigwiritsa ntchito, pakuti pa Windows pulogalamu ya 64-bit singalowetse DLL ya 32-bit mkati mwake, ngakhale zonse ziwiri zitakhala zangwiro. Kuchotsa ndi kuikanso pulogalamu katatu, kapena kakhumi, sikukanasintha kanthu, chifukwa chinthu chofunika kusinthidwa sichinkakhudzidwa n'komwe.

Ndinachotsa VLC ya 32-bit, ndinaika ya 64-bit ya mtundu wa 3.0 kuchokera ku VideoLAN, ndinatseka pulogalamu n'kuitsegulanso kuti iifufuze mwatsopano. Kavidiyo koyesera kanatuluka. Mnyamata uja anaomba m'manja, ndipo mkulu wa mpingo amene ankatidikira ndi makiyi anaimirira poganiza kuti tamaliza. Ndinawapempha kuti akhalenso pansi, chifukwa vidiyo imene inachititsa manyazi ija tinali tisanaiyese.

Vidiyo yeniyeniyo

Titaiika, chithunzi chinabwera koma chinkayenda modukizadukiza, chikaima masekondi awiri n'kudumpha, mawu ali patsogolo milomo ikutsalira, ndipo mitundu yonse inali mbuu ngati yathiridwa phulusa. Task Manager inasonyeza purosesa ili pa 100 peresenti. Mu VLC ndinadina Ctrl ndi J kuti ndione zamkati mwa fayilo, ndipo ndinapeza kuti inali ya HEVC, imene imatchedwanso H.265, ya 3840 × 2160, mafelemu 60 pa sekondi, ya 10-bit HDR, njira yojambulira yokhala ndi kuwala ndi mitundu yochuluka kuposa vidiyo wamba. Inajambulidwa pa iPhone. Mafoni amenewa akhala akujambula mu HEVC kuyambira pa iOS 11 mu 2017, ndipo kuyambira pa iPhone 12 mu 2020 amajambulanso mu HDR ngati mwini wake sanazimitse.

Apa m'pofunika kufotokoza bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mnyamata uja anandionetsa kuti anali atasintha kale dzina la fayilo kuchoka ku .mov kupita ku .mp4, atamva kuti MP4 imayenda paliponse. Koma MOV ndi MP4 zili ngati envelopu, pamene H.264 ndi HEVC zili ngati chilankhulo cha kalata imene ili mkatimo. Kusintha zolembedwa pa envelopu sikumasulira kalata. Mapurosesa a m'badwo wa laputopu imeneyi ali ndi kagawo kapadera kowerenga H.264 popanda kutopetsa purosesa yonse, koma alibe kagawo kotero kathunthu ka HEVC, ndiye ntchito yonse inkagwera purosesa, imene nthawi yomweyo inkayendetsanso pulogalamu. Felemu iliyonse ya vidiyoyo inali ndi timadontho 8,294,400, pamene pulojekita ingathe kuonetsa 1,024,000 tokha. Kompyuta inkavutika kumasula timadontho tochuluka kasanu ndi katatu kuposa timene tikanaoneka pakhoma, ka 60 pa sekondi iliyonse, n'kutaya tambiri mwa ito. Kutuwa kwa mitundu kunabwera chifukwa vidiyo ya HDR inkaonetsedwa pa chipangizo chimene sichidziwa HDR.

Mankhwala ake sanali kugula kompyuta koma kusintha fayilo. Ndinaika HandBrake, pulogalamu yaulere yosinthira mavidiyo, ndinasankha Fast 720p30, pa Video ndinasankha Constant Framerate chifukwa mafoni amajambula mafelemu osakhazikika amene amachititsa mawu ndi chithunzi kusiyana m'mapulogalamu ena, ndipo pa Filters ndinaika Colourspace pa BT.709 kuti mitundu ibwerere mwakale. Pa laputopu yakaleyo ntchitoyi inatenga nthawi yaitali ndithu, koma fayilo imene inatuluka inali yaing'ono kwambiri, inayenda mosadukiza, purosesa ili pansi pa kota, ndipo pakhoma panalibe amene akanazindikira kuti yachepetsedwa. Ndinaikopera m'kompyuta momwemo, chifukwa kuyendetsa vidiyo ili pa fulashi ndi kuika mapemphero m'manja mwa kachipangizo kamene kangagwedezeke munthu akagunda tebulo. Kwa achinyamata ojambulawo ndinatumiza uthenga woti pa iPhone apite ku Settings, Camera, Formats, asankhe Most Compatible, ndipo ajambule pa 1080p.

Pulojekita

Zonsezi tinkaziyesa pa sikirini ya laputopu. Titayatsa pulojekita, pakhoma panatuluka chilichonse chimene chinali pa laputopu, mndandanda wa nyimbo ndi kamuvi ka mausi komwe. Windows inali pa Duplicate. Mapulogalamu oonetsera nyimbo amamangidwa poyembekezera masikirini awiri osiyana, ina ya woyendetsa, ina ya mpingo, ndipo zimenezi zimatheka pa Extend pokha. Kudina batani la Windows pamodzi ndi P kumabweretsa zosankha zinayi, ndipo Extend ndi yachitatu. Duplicate ili ndi choipa china: imakakamiza zipangizo ziwirizo kugwiritsa ntchito kukula kumodzi kwa chithunzi, choncho pulojekita sinkapatsidwa 1280 × 800 yake yeniyeni ndipo zilembo zinkaoneka zofufuma m'mphepete. Titaika Extend ndi kukula koyenera, mkulu wa mpingo uja, amene anali atakhala kumbuyo kwenikweni, ananena yekha kuti tsopano akutha kuwerenga vesi popanda kutsinzinira.

Panalinso nkhani ya dongosolo loyatsira. Mnyamatayo ankazolowera kutsegula pulogalamu poyamba, pulojekita pambuyo pofuna kusunga babu lake. Cholinga n'chabwino, koma pulogalamu imawerenga masikirini amene alipo pamene ikutseguka, ndipo ikapeza imodzi yokha imatumiza zonse kumeneko. Ndinamuonetsa kawiri, njira yakale ndi yatsopano, kuti aone yekha kusiyana kwake, kenako tinalemba papepala n'kumata pa tebulo: pulojekita iyake, chingwe chilowe, Windows ione sikirini yachiwiri, pulogalamu itsegulidwe pomaliza.

Chimene sindinathe kuchithetsa tsikulo ndi kuphethira kwa chithunzi. Pa mphindi 40 zimene tinayesa, khoma linathima kawiri kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubwereranso. Nditatsitsa pulojekita ina yaing'ono imene ndinali nayo n'kuilumikiza ndi chingwe cha mamita awiri, sizinachitike. Nditailumikiza kudzera pa chingwe chachitali chija, zinachitikanso. Chingwe wamba cha HDMI chikapitirira mamita 10 mpaka 15 sichidalirika, ndipo popeza uthenga wake ndi wa dijito, chithunzi sichifooka pang'onopang'ono ngati mmene zinkakhalira ndi VGA, koma chimangoti phethi n'kusowa. Choopsa chake n'chakuti kuthima kotereku kukatalikirapo, Windows imaganiza kuti sikirini yachiwiri yachotsedwa, n'kubweza zonse pa laputopu pakati pa nyimbo. Ndinalangiza mpingo kuti ugule chingwe cha HDMI cha faiba, kapena timabokosi tiwiri totumiza HDMI kudzera pa chingwe cha Cat6. Chingwe cha faiba chili ndi mbali yolowera ndi yotulukira zolembedwa pamitu pake, ndipo amene adzakwere kudenga ayenera kuziwerenga asanachikoke, chifukwa chikatembenuzidwa sichigwira ntchito.

Mawu

Chingwe cha HDMI chitangolowa, mawu a vidiyo anachoka ku mikisa n'kuyamba kumvekera kudenga, pa kasipika ka pulojekita. HDMI imanyamula chithunzi ndi mawu, ndipo Windows ikaona chipangizo chatsopano chotulutsa mawu nthawi zambiri imasamukira komweko. Ndinadina Windows ndi R, ndinalemba mmsys.cpl, pa Playback ndinaika sipika za laputopu kukhala Default, ndipo pulojekita ndinaiika pa Disable kuti isadzalandenso mawu tsiku lina.

Mawu atabwerera ku mikisa anabwera ndi kulira kwapansipansi kosalekeza. Nditazula chaja ya laputopu kulirako kunachepa kwambiri, nditazulanso HDMI kunati zii. Ichi ndi chizindikiro chodziwika chakuti laputopu, pulojekita ndi mikisa zikukumana ndi waya wa ethi kudzera m'njira zosiyana, ndipo kamphamvu kochepa ka magetsi kakuzungulira m'zingwe za mawu. Ndinaika DI box, kabokosi kodutsitsira mawu, pakati pa laputopu ndi mikisa, ndinadina batani lake la ground lift, limene limadula njira ya ethi m'chingwe cha mawu chokha, kulira kunatha. Woyendetsa mikisa anandifunsa ngati sikukanakhala kosavuta kungothyola phini ya ethi pa pulagi ya chaja, monga anaonera kwina. Ndinakana mwamphamvu, ndipo ndikukananso pano. Phini imeneyo ndiyo imateteza munthu wogwira maikolofoni chipangizo chikaonongeka mkati, ndipo palibe kulira kwa sipika kumene kungafanane ndi moyo wa woimba.

Kanthu kakang'ono kanaonekera tikuyesa nyimbo zimene mnyamata uja anazilowetsa Loweruka kuchokera m'mafayilo a Notepad. Paliponse pamene panali chilembo cha ŵ panatuluka zilembo ziwiri zachilendo, Åµ. Mafayilowo anasungidwa mu UTF-8, mmene ŵ imalembedwa ndi mabaiti awiri, koma polowetsa anasankha Windows-1252, imene ilibe chilembocho ndipo imawerenga baiti iliyonse payokha. Tinafufuta nyimbo 14 zimenezo n'kuzilowetsanso titasankha UTF-8.

Mmene zinthu zilili tsopano

Ndinabweranso Lamulungu lotsatira, ola limodzi mapemphero asanayambe, ndipo sindinakhudze kompyuta. Ndinakhala pambali mnyamatayo akutsatira pepala lake, kenako anayendetsa dongosolo lonse la tsikulo kuyambira nyimbo yoyamba mpaka chilengezo chomaliza, vidiyo yonse mpaka kumapeto, pa pulojekita yeniyeni ndi mikisa yeniyeni. Vidiyo ya achinyamata inaonetsedwa pa nthawi yake. Khoma linaphethira kamodzi pa nthawi ya ulaliki, vesi lili pakhoma, ndipo linabwerera lokha.

Ndinauza abusa kuti kompyuta yatsopano sikufunika chifukwa cha zimene zinachitikazi, koma idzafunika pa chifukwa china. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo laputopu imeneyi siili m'gulu la zimene zimaloledwa Windows 11, imene imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa pamenepo. Pakadali pano tagwirizana kuti laputopuyo igwire ntchito ya mapemphero yokha, isamatsegulidwire masamba a intaneti wamba, ndipo fulashi iliyonse ifufuzidwe isanatsegulidwe. Tagwirizananso kuti pulogalamu kapena VLC zizisinthidwa Lolemba kapena Lachiwiri basi, nyimbo zitakoperedwa kaye, chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo vidiyo iliyonse izifika pofika Lachisanu kuti idutse mu HandBrake. Ndinamusiyira mnyamatayo kavidiyo kanga koyesera m'foda yakeyake.

Chingwe chatsopano sichinagulidwe, komiti ya chuma ikukambirana. Ndapempha mnyamatayo kuti azilemba m'kope nthawi iliyonse imene khoma laphethira, tsiku, ola, ndi chimene chinali kuonetsedwa, komanso ngati mafani akudenga kapena ampu zinali zitangoyatsidwa kumene, chifukwa chingwe chakalecho chimadutsa pafupi ndi mawaya a magetsi kwa mamita angapo ndipo ndikufuna kudziwa ngati nawo akuthandizira vutoli tisanasankhe njira imene chatsopano chidzadutse. Kopelo ndidzaliwerenga tsiku limene tidzakwere kudenga.